Madzi otentha ndi khosi la mlembi: zimene Japan inaphunzira

Munthu wa mu ofesi akamadandaula khosi ndi mapewa, malangizo amene amalandira msanga ndi akuti akasambe madzi otentha. Ine sinditsutsa malangizowa. Chondidetsa nkhawa n'chakuti timathera pomwepo, chonsecho mbiri imasonyeza kuti ululu umenewu umayambira pa desiki masana.

Mu 1700 dokotala wa ku Italy, Bernardino Ramazzini, anatulutsa buku lofotokoza matenda obwera ndi ntchito zosiyanasiyana. Polikonzanso mu 1713 anawonjezamo mutu wonena za alembi, ndipo anatchula zinthu zitatu zowadwalitsa: kukhala pansi nthawi yaitali, kuyendetsa dzanja mofanana tsiku lonse, ndi kupanikizika m'maganizo poopa kulakwitsa manambala a bwana. Analangizanso madokotala anzake kuti azifunsa wodwala ntchito imene amagwira. Nthawi imeneyo mlembi ankagwiritsa ntchito nthenga ndi inki, koma wa pa kompyuta lero angazindikire zonse zitatuzi.

Dziko limene limatiunikira bwino pa nkhani ya madzi otentha ndi Japan, kumene kuviika thupi m'bafa madzulo ndi mwambo. Munthu amayamba wasamba ndi sopo panja pa bafalo, kenako n'kulowa m'madzi otentha pafupifupi madigiri 40 n'kukhalamo kanthawi. Amene analibe bafa kunyumba ankalipira pang'ono ku sento, nyumba zosambiramo anthu wamba, ndipo mu 1968 zinalipo pafupifupi 18,000. Kuuma kwa mapewa nako kuli ndi dzina lakelake m'chinenero chawo, katakori.

Komatu m'zaka zomwezo za m'ma 1960, matenda a khosi, mapewa ndi mikono anafala pakati pa ogwira ntchito pa makina obowola makadi, omwe ankalowetsera manambala m'makompyuta oyambirira. Ambiri anali amayi achitsikana, ndipo zala zawo zinkagogoda mabatani kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mabafa analipo ambirimbiri, koma sanaletse vutoli. Mu 1964 unduna wa za ntchito unalowererapo ndi malangizo akuti munthu asabowole makadi kupitirira mphindi 300 pa tsiku, asapitirire mphindi 60 osapuma, azipuma mphindi 10 mpaka 15 pakatipo, ndiponso asagogode mabatani koposa ka 40,000 pa tsiku. Boma linavomereza kuti gwero la ululu linali kagawidwe ka ntchito, ndipo udindo linaupereka kwa olemba ntchito.

Madzi otentha ali ndi ntchito yake ndithu. Kutentha kumatakasa mitsempha ya magazi, magazi amayenda bwino m'minofu yomangika, ndipo thupi limapepuka likakhala m'madzi. Kwathu kuno tikudziwa zimenezi kuyambira kale, n'chifukwa chake makolo amathowa malo opweteka ndi kansalu konyika m'madzi otentha. Amene alibe bafa lalikulu, ndowa ndi kathawulo zimakwanira. Koma wodwala mtima kapena BP ayambe wafunsa kuchipatala asanaviike thupi lonse, ndipo ululu wobwera ndi dzanzi m'manja ndi wofunika dokotala.

Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tikufuna ntchito ya pa desiki, ndipo poti ntchito ikusowa, woipeza amaopa kudandaula. Amapirira mpando wothyoka ndi laputopu yomuweramitsa tsiku lonse, n'kukathowa khosi usiku ndi makala kapena magetsi ogula yekha. Apa ine ndikuona kuti mtengo wa vuto la mu ofesi ukulipiridwa ndi wantchito kunyumba kwake. Tikayamba ntchito tizithowa khosi ndithu, koma tizifunsanso abwana za mpando wabwino, kompyuta yoikidwa molingana ndi maso, ndi nthawi yoimirira ola lililonse. Ku Japan nthawi yopuma yotereyi anailemba m'malangizo a boma zaka zoposa 60 zapitazo.