Tchati Chinabadwira Funso Limodzi

Munthu akatsegula Tableau, Power BI kapena Excel n'kupeza matchati ali ndandanda kuti asankhepo, angaganize kuti zonsezi zinabwera ndi kompyuta. Kutalitali. Tchati cha mizati anachiyambitsa ndi William Playfair wa ku Scotland mu 1786, m'buku lake la The Commercial and Political Atlas, lomwenso linatchukitsa tchati cha mzere wokwera ndi kutsika. Chozungulira chija, chodulidwa ngati chikondamoyo, anachitulutsa mu 1801. Ndipo cha mizaticho chinabadwa chifukwa cha kusowa. Playfair ankafuna kuonetsa malonda a Scotland, koma ziwerengero zimene anali nazo zinali za chaka chimodzi basi, moti mzere woyenda ndi zaka sukanatheka. Anangogoneka timizati tiwiritiwiri, ka katundu wolowa ndi ka katundu wotuluka, pa malo 17 amene dzikolo linkagulitsana nawo. Funso ndilo linkatsogola, maonekedwe a tchati n'kumalondola pambuyo.

Zimenezi zimaonekera bwino kwambiri pa ntchito ya Florence Nightingale. Atabwerako kunkhondo ya ku Crimea, anafalitsa mu 1858 chithunzi chozungulira cha imfa za asilikali a Britain, mwezi uliwonse ndi chigawo chake. Imfa za mabala anazipaka zofiira, za matenda opeweka zabuluu, za zifukwa zina zakuda. Ukachiyang'ana, kufiirako kwangounjikana pang'ono pakatikati, pomwe buluu watambasuka mpaka kutali, makamaka m'miyezi yozizira yoyambirira ya 1855. Nduna yotanganidwa sinkafunika kuwerenga manambala kuti imve mlandu: asilikali ankatha ndi uve wa m'misasa ndi m'zipatala kuposa zipolopolo. Mayiyu sanajambule zonse zimene ankadziwa. Anasankha chinthu chimodzi chimene boma linayenera kuchitapo kanthu.

Chimene kompyuta inasintha ndi thukuta. Kuyambira pomwe pulogalamu ya Lotus 1-2-3 inatuluka mu 1983, ntchito imene inkadya masiku a wozokota pachitsulo inasanduka yongodina batani. Apa ena anganene kuti nakonso kusankha kunapita kwa makina, poti Tableau ili ndi Show Me ndipo Excel ili ndi Recommended Charts, zomwe zimakuuza tchati choyenera. Mfundoyi si yopanda mutu. Mu 1984 William Cleveland ndi Robert McGill anaonetsa kuti maso amayerekeza bwino zinthu zoima pamzere umodzi kuposa ngodya kapena kukula kwa malo, ndipo malangizo otere akhoza kulowetsedwa m'pulogalamu. Koma pulogalamu imangoona mtundu wa ziwerengero, kuti awa ndi masiku, awa ndi mayina a maboma. Siidziwa kuti amene akaonere ndani, kapena chimene akuyenera kugamula mawa m'mawa. Potengera muyezo wa akatswiri awiriwa, chithunzi cha Nightingale chikanagwa mayeso, pakuti chimadalira kukula kwa malo. Komabe chinagwira ntchito yake.

Ena amati dashboard, sikirini yosonkhanitsa matchati pamodzi, siyenera kukopa munthu monga anachitira Nightingale, ingoyala zonse poyera mwiniwake adzionere. Koma tchati chosatenga mbali kulibe. Wojambula amasankha pomwe muyezo uyambire, zaka zoti zilowe, ndi chimene chikhale pamwamba. Akaunjika matchati khumi ndi awiri pasikirini imodzi amakhala wasankhabe, kungoti wabisa dzanja lake n'kusiyira woonerayo mtolo. Nkhaniyi si ya kutali nafe, chifukwa ziwerengero za zipatala za ku Malawi ndi ku Zambia zimalowa mu DHIS2, pulogalamu yopangidwa pa University of Oslo, ndipo maofesi a zaumoyo amaziona pa dashboard. Dashboard imene singauze mkulu wa zaumoyo m'boma chipatala chimene malungo akwera mwezi uno ndi yolephera, ngakhale mitundu yake itawala bwanji.