Momwe amayezera mtundu wa dzino loikirira

Dzino loikirira likasiyana mtundu ndi anzake, aliyense amaona msanga, ngakhale munthu wosadziwa za mano. N'chifukwa chake madokotala a mano ndi amisiri owumba mano saitenga mopepuka ntchito yoyeza mtundu. Akaphonya, dzino lomwe munthu walipira ndalama zambiri limayenera kupangidwanso.

Vuto limayambira pa dzino lachilengedwe, lomwe si loyera mbee monga ambiri amaganizira. Kunja kwake kuli enamel, yomwe kuwala kumadutsamo, pomwe mkati muli dentine yachikasu, ndipo iyi ndiyo imapereka mtundu weniweni. Pafupi ndi nkhama dzino limaderako, kunsonga limaonekera kuwala. Munthu akamakula, enamel imaperepeseka ndipo dzino limanka lichita chikasu.

Chida chofala kwambiri pa ntchitoyi ndi mndandanda wa timano tachitsanzo 16 wotchedwa VITA classical, wochokera ku kampani ya VITA Zahnfabrik ya ku Bad Säckingen m'dziko la Germany. Timanoti tili m'magulu anayi, A, B, C ndi D, ndipo nambala ikamakwera mtundu umanka uzama. Dokotala amayandikiza kadzino kachitsanzo ku dzino la wodwala, n'kulembera mmisiri kuti A2 kapena A3.5. Mu 1998 kampaniyi idatulutsa mndandanda wina, 3D-Master, womwe umayamba ndi kuona kuwala kapena kuda kwa dzino. Maganizo amenewa ndi omveka, pakuti diso limagwira msanga kusiyana kwa kuwala kuposa china chilichonse.

Komatu diso si lodalirika. Limatopa likayang'anitsitsa chinthu chimodzi, choncho madokotala amaphunzitsidwa kuyang'ana kwa masekondi owerengeka okha. Zopaka pamilomo ndi zovala zowala kwambiri zimasokoneza. Dzino likauma limaoneka loyererapo, n'chifukwa chake mtundu umasankhidwa ntchito isanayambe. Palinso chinthu china chonyenga: zinthu ziwiri zikhoza kufanana pansi pa babu la m'chipatala koma n'kusiyana padzuwa, chifukwa porcelain ndi dzino sizibweza kuwala mofanana.

Apa ndi pomwe manambala amalowererapo. Mu 1976 bungwe loona za kuwala padziko lonse la CIE lidakhazikitsa njira ya CIELAB, yomwe imalemba mtundu uliwonse ndi manambala atatu. L amanena kuwala, kuchokera pa 0 wakuda bii kufika pa 100 woyera. A amayeza kufiira ndi kubiriwira. B amayeza chikasu ndi buluu. Makina otchedwa spectrophotometer amawalitsa dzino n'kuwerenga manambalawa, ndipo kutalikirana kwa mitundu iwiri kumatchedwa Delta E. Kafukufuku yemwe Rade Paravina ndi anzake adatulutsa mu 2015 adapeza kuti pa 1.2 theka la oyang'ana limayamba kuona kusiyana, ndipo pa 2.7 theka limakana kuti mtunduwo ndi woyenera.

Makinawo nawonso ali ndi malire ake. Dzino ndi lopindika, ndipo kuwala kwina kumathawira m'mbali osabwerera m'makina, zomwe zimapotoza manambala. Ndi okweranso mtengo. Pachifukwachi madokotala ambiri amaphatikiza timano tachitsanzo ndi chithunzi chojambulidwa kadzino kachitsanzo kali pambali pa dzino la wodwala, kuti mmisiri yemwe sadamuonepo wodwalayo akhale ndi poyerekezera.