Ombwe, nkhupakupa ndi chigodola cha ku Katete

M'mabuku a boma la atsamunda chigodola chinalembedwa koyamba ku Nakonde mu 1922, ndipo pofika 1947 chinali chitapezeka kuno kummawa kwa Zambia, ku Fort Jameson komwe lero timati Chipata. Alimi a ku Katete, Sinda ndi Vubwi sanachiphunzire m'mabuku. Anachidziwira m'khola: thole latupa kunsi kwa khutu, lasiya kuyamwa, likupuma movutikira, kenako thovu m'mphuno. Mlimi akaona thovulo ankayamba kunola mpeni wosendera.

Chimene chimabweretsa matendawa ndi nkhupakupa yofiirira yokonda kuluma m'makutu. Ikamayamwa imalavulira kachilombo kotchedwa Theileria parva, kamene kamayamba kuswana m'zotupa zija kasanafalikire m'magazi ndi m'mapapo.

Agogo anga aamuna ankalimbana ndi nkhupakupayo ndi ombwe, chitsamba chomwe anthu ankaledzeretsa nacho nsomba pamadziwe. Ankasinja masamba mumtondo wakewake, wosasinjiramo chimanga, n'kuwaviika usiku wonse. Mmawa ife abusa tinkapaka madzi obiriwirawo ndi chisanza m'makutu, kumchira ndi kubere. Sanali kulota agogowo. Masamba a ombwe, amene asayansi amati Tephrosia vogelii, ali ndi deguelin ndi tephrosin, mankhwala amene amaphadi tizilombo. Chitsambachi chinachuluka m'minda m'zaka za m'ma 1990, pamene akatswiri a bungwe la ICRAF a ku Msekera ankachilimbikitsa kuti chibwezeretse chonde m'nthaka. Koma pena ombwe unkagwira, pena ayi, ndipo anthu ankalozana zala kuti wina sanasinje bwino. Kafukufuku wa ku Malawi amene anatuluka mu 2012 anasonyeza kuti ombwe ulipo wamitundu iwiri yofanana m'maso, ndipo umodzi ulibe mankhwala aja n'komwe.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri ankamwetsanso ombwe ndi makungwa owawa thole lodwala kale, n'kudikira. Ombwe umapha nkhupakupa pakhungu. Kachilombo kakalowa m'thupi, sungakatsatire.

Komabe mankhwala amene anadzatsatira kachilomboko m'thupi nawonso ali pachibale ndi mitengo. Halofuginone, amene anayesedwa pa chigodola m'zaka za m'ma 1980, anachokera ku febrifugine wa mumizu ya Dichroa febrifuga, chitsamba chomwe Atchaina akhala akuchiza nacho malungo kuyambira kalekale. Parvaquone ndi buparvaquone, uja alimi amamudziwa kuti Butalex, amapangidwa kufakitale, koma ndi a banja limodzi ndi lapachol wa mumtengo wa lapacho ku South America. Kusiyana kwake ndi mtondo wa agogo n'kwakuti wina anakhala pansi, kupatula chimene chimapha kachilombo, kuyesa muyeso wake, ndi kuona ngati sichipha ng'ombe. Mitengo yathu yambiri sinapatsidwebe ulemu umenewo, ndipo botolo la Butalex limadula moti mlimi amayamba wagulitsa mbuzi.

Katete naye anaperekapo chake. Akatswiri a zaziweto a m'Zambia, pamodzi ndi anzawo a ku Institute of Tropical Medicine ya ku Antwerp, anatenga kachilombo ka konkuno n'kukasunga, ndipo mpaka lero kamatchedwa Katete. Kuyambira 1987 mathole a kummawa anayamba kubayidwa kachilomboka dala, limodzi ndi jekeseni ya oxytetracycline yokafooketsa, kuti thupi liphunzire kulimbana nako. Amayi anakana ulendo woyamba. Ankati munthu wanzeru sangaitanire matenda m'khola mwake. Chaka chotsatira, ataona mathole a aneba okhala ndi chizindikiro kukhutu akudya msipu pamene athu awiri tinali titawasenda, anakusa okha mathole athu otsala kupita nawo kwa avetenale. Koma ombwe wa kuseri kwa khola sanaudule, ndipo dzinja likafika, nkhupakupa zikachuluka, ankatitumabe kukathyola masamba.