Hastings Kamuzu Banda

Hastings Kamuzu Banda (cha m'ma 1898 – 25 Novembala 1997) anali dokotala yemwe anasiya ntchito yochiza odwala n'kudzatsogolera chipani cha Nyasaland African Congress. Pambuyo pake anakhala nduna yaikulu komanso pulezidenti woyamba wa dziko la Malawi.

Maphunziro ndi udokotala

Banda anabadwira ku Kasungu. Ali mnyamata anapita ku Southern Rhodesia, komwe anagwirako ntchito pachipatala cha ku Hartley, kenako anapitirira ku migodi ya ku Joni. Mu 1925 anapita ku America mothandizidwa ndi mpingo wa African Methodist Episcopal. Anaphunzira ku Wilberforce m'chigawo cha Ohio, analandira digiri ku University of Chicago mu 1931, ndipo mu 1937 anamaliza za udokotala ku Meharry Medical College ku Nashville, sukulu yomwe inakhazikitsidwa kuti iziphunzitsa anthu akuda. Popeza mapepala a ku America sankaloledwa m'maiko olamulidwa ndi Britain, anakaphunziranso ku Edinburgh mpaka 1941. Anachiza odwala ku Liverpool, ku North Shields ndi ku London, ndipo kuyambira 1953 ku Kumasi m'dziko la Ghana.

Ndale

Achinyamata a Congress, monga Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, ankafuna munthu wachikulire ndi wophunzira woti mafumu ndi anthu akumudzi amumvere polimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, patatha zaka zoposa 40 ali kunja. Pamisonkhano ankalankhula Chingelezi, wina n'kumatanthauzira. Atsamunda anamumanga pa 3 Malichi 1959 n'kukamutsekera ku Gwelo mpaka Epulo 1960.

Dziko litangolandira ufulu mu 1964, anasemphana ndi nduna zake, kuphatikizapo omwe anamuitana aja, ndipo zingapo zinathawira kunja. Mu 1971 anakhala pulezidenti wamuyaya. Ulamuliro wake unali wankhanza kwa otsutsa: ambiri anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Amalawi atasankha ndale za zipani zambiri pa riferendamu ya 1993, anagonja kwa Bakili Muluzi pachisankho cha 1994.

Banda ndi Lilongwe

Ndiye anasamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba kupita ku Lilongwe, ntchito yomwe inatheka ndi ngongole yochokera ku boma latsankho la South Africa, zimene maiko ambiri a mu Africa anadzudzula. Lilongwe inakhala likulu mu 1975. Maofesi a Capital Hill ndi City Centre anamangidwa kumpoto, patali ndi Old Town komwe kunali msika ndi masitolo, ndipo madera okhala anthu anapatsidwa manambala, monga Area 10 ndi Area 43.

Banda anamwalira ku Johannesburg. Manda ake ali ku City Centre, pafupi ndi Nyumba ya Malamulo.