Analemba Ndani, Ndipo Ankaopa Chiyani?

Achinyamata anzanga, sabata ino tilingalire za makalata akale, monga amene amasungidwa kuno ku Zomba ku National Archives of Malawi. Ophunzira awiri angathe kuwerenga chikalata chimodzi natolamo zinthu zosiyana. Wongoyamba kumene amangofuna kumva zimene chikunena. Wokhwima pa phunziro la mbiri amayamba wafunsa kuti analemba ndani, liti, polembera yani, ndipo ankaopa chiyani.

Titenge nkhani ya John Chilembwe. Pa 23 January 1915 otsatira ake anaukira atsamunda napha William Jervis Livingstone ku Magomero, ndipo Chilembwe anaphedwa pa 3 February. Boma linakhazikitsa komiti yofufuza, imene lipoti lake linatuluka mu 1916. Wosazolowera amalandira umboniwo monga choonadi chathunthu. Wodziwa amakumbukira kuti mboni zachikuda zinkalankhula pamaso pa azungu, anzawo ambiri atangophedwa kumene ndi boma lomwelo. Motero amatchera khutu ku madandaulo awo pa thangata ndi nkhanza za m'minda ya azungu, komanso amasinkhasinkha zimene mantha anawaletsa kunena.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, George Mwase ali m'ndende ya Zomba analemba mbiri ya kuukirako, imene Robert Rotberg anaisindikiza mu 1967 pa mutu wakuti Strike a Blow and Die. Popeza wolembayo ndi mnzathu wa dziko lino, mtima umafulumira kumukhulupirira pa zonse. Komatu Mwase sanali nawo pa nkhondoyo. Zambiri anazimva kwa mkaidi mnzake, Wallace Kampingo, amene anamenya nawo, patapita zaka zoposa khumi ndi zisanu. Wophunzira wosamala salitaya bukuli. Amalisanthula pofuna kudziwa mmene Chilembwe ankakumbukidwira nthawi imeneyo, ndipo satenga mawu onse amene Mwase anamuika m'kamwa monga olembedwa tsiku lomwelo.

Wodziwa amaganiziranso zimene zinasowa. Mu 1919 moto unatentha maofesi aakulu a boma ku Zomba, ndipo makalata ambiri anapsa. Pamene mapepala ali chete, sindiye kuti panalibe chochitika.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Chikalata chimodzinso sichingasenze mbiri ya dziko. Musanalembe mayeso kapena kutumizira anzanu nkhani ya Chilembwe pa WhatsApp, yambani mwaika lipoti la boma pambali pa buku la Mwase, muone pamene akugwirizana ndi pamene akutsutsana.