Mitundu Inayi ya Matishu Imene Imapanga Thupi la Munthu

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, tizinthu ting'onoting'ono timene sitioneka ndi maso. Maselo ofanana akakhala pamodzi ndi kugwila nchito imodzi, akatswili a zaumoyo amacha gulu limenelo tishu. Matishu ndi amene amapanga ziwalo monga mtima, mapapo ndi ciwindi.

Dokotala wa ku France, Xavier Bichat, amene anamwalila mu 1802, anafotokoza mitundu 21 ya matishu popanda kugwilitsila nchito maikulosikopu. Masiku ano matishu amagawidwa m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi matishu okuta, ochedwa epithelial. Amapanga khungu lakunja ndiponso amayala mkati mwa kamwa, matumbo ndi njila za mpweya. Nchito yawo ndi kutsekeleza tizilombo, kuyamwa cakudya cogayidwa ndi kutulutsa thukuta kapena malovu. Matishuwa amatha msanga, koma amaphukanso msanga: maselo oyala m'matumbo amasinthidwa m'masiku osakwana sabata imodzi.

Gulu laciwili ndi matishu olumikiza, amene amamanga ndi kucilikiza ziwalo. M'gulu ili muli mafuta, mafupa 206 a munthu wamkulu, ndi magazi omwe. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Maselo ofiila, amene amanyamula mpweya wa okosijeni, amakhala masiku pafupifupi 120, ndipo atsopano amapangidwa m'kati mwa mafupa.

Gulu lacitatu ndi minofu. Ina imagwila ku mafupa ndipo munthu amailamula akafuna kuyenda kapena kunyamula katundu. Ina ili m'matumbo ndi m'mitsempha ya magazi, ndipo imagwila nchito yokha. Mnofu wa mtima ndi wapadela: umagunda maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi imodzi munthu wamkulu akakhala popumula.

Gulu lacinayi ndi matishu otumiza mauthenga, amene ali mu ubongo, m'fupa la msana ndi m'thupi lonse. Mauthenga ena amathamanga mamita oposa 100 pa sekondi imodzi.

Matishu sacila mofanana. Bala la pakhungu limapola ndipo fupa lothyoka limalumikizika, koma mnofu wa mtima ukafa, m'malo mwake mumatsala cipsela cimene sicigunda. Maselo a ubongo amene afa cifukwa ca sitiloko sabwelelanso. Ndiye cifukwa cake munthu amene wapotoka kamwa mwadzidzidzi, walefuka mbali imodzi kapena akulephela kulankhula ayenela kufika ku cipatala mwamsanga.

Khansa zambili zimayambila m'matishu okuta. Citsanzo ndi khansa ya khomo la cibelekelo, imene imagwila azimayi ambili muno m'Zambia kuposa khansa ina iliyonse. Kacilombo ka HPV kamasintha maselo a pakhomopo pang'onopang'ono kwa zaka zambili, mayi osamva kuwawa. Kuyambila mu 2006, zipatala za boma zakhala zikupima azimayi popaka viniga pakhomo la cibelekelo; malo odwala amayela, ndipo angathe kucilitsidwa khansa isanayambe. Cipatala ca Cancer Diseases Hospital cinatsegulidwa mu Lusaka mu 2007, ndipo mu 2019 boma linayamba kupeleka katemela wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse.

Dokotala akakayikila cotupa, amadulako kacidutswa kakang'ono ka tishu ndi kukatumiza ku labotale. Kumeneko akatswili amakapima pa maikulosikopu kuti adziwe ngati ndi khansa kapena ayi.