Mmene amasankhira wosewera ndi mphunzitsi wopambana pa caka ku America

Pa 23 Novembala 2024, Barbra Banda wa ku Zambia anagoletsa cigoli cimodzi cokhaco cimene cinapatsa timu ya Orlando Pride cikho ca ligi ya mpira wa amai ya ku United States, yochedwa NWSL. Iye anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa masewero otsirizawo. Koma kutangotsala pang'ono kuti masewerowo acitike, ligiyo inali italengeza kuti wosewera wopambana wa caka conse anali Temwa Chawinga wa ku Malawi.

Okonda mpira m'madera a kum'mawa monga Chadiza, kumene mabanja ambiri ali ndi abale ku Malawi ndi ku Mozambique, angafunse kuti: nanga wopambana weniweni anali ndani? Yankho lagona pa zinthu ziwiri, ndizo amene amaponya voti ndiponso masewero amene amawerengedwa.

Mphoto ziwiri zosiyana

Maligi akuluakulu a ku America amagawa nyengo ya masewero pawiri. Coyamba matimu onse amasewera ndi kusonkhanitsa mapointi. Pambuyo pace matimu amene atsiriza pamwamba amalowa m'ndime ya cipulula, momwe wogonja amatuluka, kufikira patsale timu imodzi yonyamula cikho.

Mphoto ya wosewera wopambana wa caka, imene amaicha MVP, imayang'ana gawo loyambalo. Mu 2024 Temwa, wosewera wa Kansas City Current, anagoletsa zigoli 20, ndipo anaposa zigoli 18 zimene Sam Kerr wa ku Australia anagoletsa mu 2019. Iye anagoletsanso polimbana ndi timu iliyonse mwa matimu 13 enawo, cinthu cimene sicinacitikepo m'ligiyo. Barbra, amene anafika ku Orlando kucokera ku Shanghai Shengli ya ku China, anali waciwiri ndi zigoli 13.

M'ndime ya cipulula zinthu zinatembenuka. Barbra anagoletsa zigoli 4 m'masewero atatu. Cimodzi ca zigolizo anacigoletsa pamene Orlando inagonjetsa Kansas City 3-2 m'ndime yotsatizana ndi yotsiriza. Cotsiriza anacigoletsa polimbana ndi Washington Spirit, pabwalo la CPKC Stadium, kwao kwa timu ya Temwa. Motero wina anatenga mphoto ya miyezi yonse, ndipo mnzace anatenga ya tsiku la cikho.

Amene amaponya voti

M'ligi ya NWSL masankho amacitika kawiri. Poyamba osewera, eni matimu, mamanijala, aphunzitsi ndi atolankhani amasankha maina ocepa oti apikisane. Mu 2024 maina asanu anali Barbra Banda, Temwa Chawinga, Marta wa ku Brazil, Trinity Rodman ndi Sophia Smith.

Pa voti yotsiriza mau a magulu salemera mofanana. Caka cimeneco osewera anali ndi magawo 40 pa 100, eni matimu pamodzi ndi mamanijala ndi aphunzitsi anali ndi magawo 25, atolankhani 25, ndipo ocemerera 10. Ici citanthauza kuti mau olemera koposa ndi a iwo amene anakumana ndi woseweryo pabwalo. Wosewera wochuka amene ali ndi khamu lalikuru la omtsatira sangapambane ndi kuchuka kokha.

Palinso mphoto za malo osiyanasiyana, kuti ogoletsa asatenge ulemu wonse. Mu 2024 Emily Sams wa Orlando anali woteteza kumbuyo wopambana, Ann-Katrin Berger wa Gotham FC anali wopambana pagolo, ndipo Croix Bethune wa Washington anatenga mphoto ya wosewera wapakati ndi ya wosewera watsopano.

Mphoto ya mphunzitsi

Nchito ya mphunzitsi ndi yobvuta kuiyesa, popeza iye sagoletsa cigoli. Oponya voti kawirikawiri amayang'ana kumene timu inali ndi kumene mphunzitsi waifikitsa.

Mu 2024 mphotoyi inapita kwa a Seb Hines a Orlando Pride, mbadwa ya ku England. Timu yao, imene inakhala zaka zingapo osalowa m'cipulula, inasewera masewero 23 oyamba a cakaco osagonja, ndipo inatsiriza pamwamba ndi mapointi 60.

Caka cotsatira cinaonetsa kuti kukhala pamwamba sikokwanira. Mu 2025 Kansas City Current inatsogolera ligi, ndipo Temwa anakhala wosewera woyamba kutenga MVP zaka ziwiri zotsatizana. Koma mphoto ya mphunzitsi inapita kwa a Bev Yanez a Racing Louisville, amene analowetsa timu yao m'cipulula kwa nthawi yoyamba. Cikho ceniceni cinatengedwa ndi Gotham FC.

Mpira wina wa ku America

Dongosolo lofanana ndi limeneli likupezeka m'ligi ya NFL. Umenewu ndi mpira wina, wooneka ngati dzira, umene amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, osewera atavala zisoti zolimba. Kumeneko oponya voti ndi atolankhani 50 osankhidwa ndi bungwe la nkhani la Associated Press. Iwo amavota cipulula cisanayambe, ndipo zotsatira zimalengezedwa masiku ocepa masewero otsiriza a Super Bowl asanacitike.

M'nyengo ya 2024 wosewera wopambana anali Josh Allen wa Buffalo Bills, ndipo mphunzitsi wopambana anali a Kevin O'Connell a Minnesota Vikings. Matimu onse awiriwo sanafike ku Super Bowl. Cikho cinatengedwa ndi Philadelphia Eagles, ndipo Jalen Hurts ndiye anali wopambana wa tsikulo.

Dandaulo lalikuru pa mphoto ya NFL nlakuti imapita kwa osewera a malo amodzi. Kuyambira 2013 kufikira 2024, onse amene anapambana anali a malo a quarterback, wosewera amene amaponya mpira ndi kutsogolera timu pothira nkhondo. Wotsiriza wa malo ena nyengoyo isanayambe anali Adrian Peterson mu 2012.

Zimene Zambia inaona kale

Kusiyana kwa oponya voti si kwacilendo ku Zambia. Mu 1988 Kalusha Bwalya anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu Africa ndi magazini ya France Football, caka cimene anagoletsa zigoli zitatu pamene Zambia inagonjetsa Italy 4-0 pa masewero a Olympics ku South Korea.

Mu 2012 Chipolopolo itatenga cikho ca Africa ku Libreville, Christopher Katongo anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa mpikisanowo. Anapambananso mphoto ya BBC, imene anthu wamba ndiwo anali kuvota. Koma bungwe la CAF linapereka mphoto yace ya caka kwa Yaya Touré wa ku Ivory Coast, wa m'timu yomweyo imene Zambia inagonjetsa. CAF inalemekeza Zambia mwa njira ina: a Hervé Renard anakhala mphunzitsi wopambana, ndipo Chipolopolo inakhala timu yopambana ya cakaco.

Kwa Barbra Banda mbali zonse ziwiri zinagwirizana. Mu Novembala 2024 anthu anamsankha pa mphoto ya BBC ya wosewera wamkazi wopambana, ndipo mu Disembala CAF inampatsa mphoto ya wosewera wamkazi wopambana mu Africa mumzinda wa Marrakech ku Morocco.

Mafunso ace ndi amodzimodzi, kaya ndi ku Orlando kapena pa mpikisano wa masukulu ndi midzi ku Chadiza: kodi akuwerengedwa ndi masewero onse kapena otsiriza okha, akuvota ndani, ndipo mau a yani ndiwo olemera? Pamene mayankho ace adziwika mpikisano usanayambe, wotenga mphoto amailandira popanda kunong'onezana.